Sitima ya Pakhoma

"Achemwali, tabwerani mudzaone zimene wachita mwana wanu!" anakuwa Ayisha ali kuseri kwa nyumba, manja m'chiuno.

Habiba anasiya mtanda wa mandasi n'kuthamanga, zala zili ufa wokhawokha. Mawa lake linali tsiku la Idi, ndipo anali atauza mwana wake Sumaiya kuti azire khoma monga amachitira aliyense pa Ulongwe: katondo wofiira m'munsi, phulusa loyera m'mwamba, basi. Nanga kuzira n'kovuta?

Koma pakhomapo panali sitima. Sitima yathunthu, mabogi asanu, yojambulidwa ndi makala ndi katondo, kuyambira pangodya mpaka pazenera. Mwini wake anali ataima poteropo, matope mpaka m'zigongono.

Sumaiyayu anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo Sitandade 3 anali ataibwereza kawiri. Nyimbo akaimva kamodzi waigwira, koma kungom'patsa buku, thukuta kamukamu. Ankati zilembo zimayendayenda ngati nyerere. Habiba anakalipa, anamenyapo, anapempherapo, mpaka anatopa. Ndiye anagwirizana ndi mng'ono wake Ayisha kuti Idi ikatha amutenge pasitima kupita naye ku Nayuchi, azikamulerera khanda, za sukulu zithere pompo. Mwanayo atauzidwa anangoti, "Chabwino, amayi."

"Iwe, ndinati uzire kapena uwononge?" anafunsa Habiba.

Phokosolo linakoka Madamu Sabina, aphunzitsi ake a Sumaiya, omwe ankakhala nyumba yoyandikana. Atangoyang'ana bogi loyamba anaphulika kuseka.

"Awa si a Ayisha awa? Duku lomweli, chikwama chomwechi!"

"Iyayi! Mphuno imeneyo si yanga," anakana Ayisha.

"Ndi yanu ndithu, mwana sananame," anatero Madamu. Kenaka kuseka kunatha. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khomalo, akuyang'ana mateyala, zitseko, mayi wogulitsa nthochi m'mphepete mwa njanji. "Amake Sumaiya, ndachita manyazi. M'kalasi muli ana oposa handiredi, ine ndimangoona kope lake lodzaza makolosi. Sindinkadziwa kuti manja amenewa ali ndi izi."

"Zithunzi amadya?" anadula Ayisha. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Madamu. Sukulu yamukana, musiyeni akaone zina."

"Ana otere alipo, mayi. Si ulesi, si kupusa, komanso palibe anamulodza. Zilembo zimangosokonekera m'mutu mwawo. Ndipatseni temu imodzi. Aziumba zilembo ndi dothi lomweli kuti zala ziziphunzitse maso, ndipo matchati onse a m'kalasi azijambula ndi iyeyu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Habiba anasendera pafupi ndi khomalo. Maso ake anali pa bogi lomaliza. Pazenera lake panali kamtsikana kovala yunifolomu, kakuyang'ana m'mbuyo. Pansi panaima mayi atasenza beseni la mandasi, chitenje cha mabwalomabwalo chimene Habibayo anali atavala. Koma mayiyo anali atafulatira, kumangooneka nkhongo.

"Nanga ine nkhope yanga ili kuti?"

Sumaiya anakanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Mwayang'ana kwina, amayi. Kuti musaone ndikulira."

Kalanga ine! Habiba anamva ngati wina wam'thira madzi ozizira kumsana. Sabata yonse ankadzitonthoza kuti mwana wavomera yekha, osadziwa kuti "chabwino" uja unali ulemu chabe. Chimene mwanayo analephera kunena ndi pakamwa, chimene sakanatha kulemba pakalata, anachiika pakhoma poti mudzi wonse uone. Mtima unamuwawa, ndipo anamukonda mwanayo koposa kale lonse.

Anawerama, naviika chikhatho m'mbale ya phulusa, napaka pazenera la bogilo mpaka kamtsikana kaja kanafufutika.

"Ndamutsitsa," anatero. "Ayisha, usandikwiyire, ubwerera wekha. Wolera khanda tifunafuna wina."

Ayisha anatsonya, koma naye anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

Habiba anatola khala pansi naliika m'dzanja la mwana wake.

"Umujambule pano, pambali panga, ndi yunifolomu yake yomweyo. Ndipo ine unditembenuze, ndizimuona."

Sumaiya anapukuta mphuno ndi mkono, nagwada pakhomapo, nayamba ndi maso a amayi ake.