Zaka za Tithokoze

Chaka chimene makuponi a feteleza anachedwa kufika ku Chamama, a Feggie, mphunzitsi wa sitandade 3, analandira kuparishi nsapato zamatayala mapeya asanu ndi kabuku kake. Masana ankaphunzitsa ana kutsetsereka nazo pasimenti ya shedi ya fodya pa esiteti ina yapafupi. Kabukuko kanali ndi magawo atatu a mayeso. Ana a zaka zisanu ndi ziwiri ankangokhoza gawo loyamba, loyenda osagwa. Kuyenda chafutambuyo kunkatheka pa zaka zisanu ndi zinayi, pomwe kuzungulira ndi mwendo umodzi kunkafuna mwana wopitirira zaka khumi.

Tsono Tithokoze, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, wolembedwa zaka zisanu ndi ziwiri, anakhoza magawo onse m'miyezi iwiri yokha. Anali wamfupi, wowonda, koma a Feggie anayamba kumuyang'anitsitsa. Anzake onse anali ndi magweru, iye mano ake anali okwanira. Akamufunsa chaka chobadwa, ankayamba wazolika kaye, n'kuyankha ngati woloweza.

Loweruka lina a Feggie anapita kukomboni, nakapeza amayi ake a mwanayo, a Maliya, akusoka fodya. Atafunsa za khadi la kusikelo, anauzidwa kuti linapsa, kenaka kuti linatsala kumudzi. A Feggie anangokhala pamkeka, osatsanzika.

“Akutumani ndi akapitawo?” anafunsa a Maliya motsitsa mawu.

A Feggie atakana, mayiyo anasuzumira panja, ndipo anaulula kuti mwanayo akwanitsa zaka khumi ndi ziwiri mu Juni. Njala ndiyo inamupinimbiritsa. Pa esitetiyo mwana akangofika zaka khumi ankamutenga kukathyola fodya, sukulu n'kuthera pomwepo.

Lolemba lake a Grey, akapitawo, anatulukira kushedi, chikhalirecho sanabwereko. Anaonerera Tithokoze akuzungulira, nanena kuti anamva zoti gawo limenelo n'la ana aakulu.

“Ana ena amangobadwa nalo luso, bambo,” anatero a Feggie.

A Grey anamwetulira, koma sanachoke msanga.

Mawa lake a Feggie anabweza Tithokoze ku gulu la ana aang'ono. Mwanayo sanafunse chifukwa, ndipo a Grey akamadutsa ankadzigwetsa dala. Sukulu anapitiriza mpaka makolo ake atasamuka fodya atatha. Amene anakauza akapitawo za magawowo, a Feggie sanamudziwe, moti anasiya kulola makolo kuima pakhomo la shedi n'kumaonerera.