Chitenge cha Eness pa Felemu

Gilson ankajambula zinthu zopanda mutu. Si munthu, si nyumba, koma mizere ndi madontho basi, ndipo azungu a ku Kabulonga ankaziyang'ana n'kumagwedeza mitu ngati amva uthenga wa maliro. Utoto ankapanga yekha: dothi lofiira la ku Chelstone, makala osinja ndi laimu, kusakaniza ndi guluu. Koma chaka chimenecho nsalu yojambulapo inasowa m'masitolo limodzi ndi sopo, mpaka munthu anatsegula sutikesi ya mkazi wake Eness.

Anapezamo chitenge cholimba bwino. Chizindikiro cha Chipani cholamula anachiona ndithu, koma bambo wamkulu ndi ndevu zake anati nsalu ndi nsalu. Anachikhomera pa felemu, chizindikiro chikuyang'ana kukhoma, napaka utoto kumbuyo kwake kwa milungu isanu.

Lachinayi masana kunabwera Mayi Muriel, wapampando wa amayi a Chipani ku Kabwata. Ndiwo ankagawa malo pamsika, ndipo tebulo la tomato la Eness ndilo linkadyetsa nyumbayo.

"Amake Hector, mailo tiyenda ku eyapoti kulandila alendo," anatero kwa Eness, kunena za mawa lake. "Aliyense na chitenge chake cha Chipani. Wamene alibe, tebulo tipasa wina."

Kenako anaona chithunzi chija pakhoma.

"Nanga ichi ni chani, ba Gilson? Nyumba yapsa?"

Anagwira m'mbali mwa felemu kuti achitembenuze. Pamenepo ndi pamene Eness anaona mpendero wa ulusi wobiriwira, umene anasoka yekha. Chinali chitenge chake cha Chipani.

"Sichinaume, amai!" anakuwa Gilson.

Mayi Muriel anachotsa dzanja, nayang'ana chala chofiira, nayang'ananso Gilson nthawi yaitali ndithu. Anapukutira chalacho pa katani n'kutuluka.

Eness sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa Gilson. Anangotenga mpeni n'kuyamba kuzula misomali umodziumodzi.

"Amake Hector, iyi ndiye nchito yanga yabwino kupambana zonse," anachonderera Gilson.

"Ana sakudya penti," anayankha Eness.

Mawa lake anachivala, chizindikiro kunja, utoto kumiyendo, chitengecho chili gwa ngati katoni. Anavina padzuwa maola anayi, thukuta likuyenderera. Atabwera anachivula n'kumupatsa mwamuna wake. Pansalupo panangotsala guluu, chithunzi chonse chinali pamiyendo ya Eness, ndipo iye anapita kukasamba.