Belu la Levi pa Mlatho wa Esiteti

Mlatho uja anamanga ndi mwini esiteti ya fodya, zimenezo Levi sankatsutsa. Chinkamuwawa n'chakuti thirakitala inkadutsapo, ngolo zinkadutsapo, ngakhale mbuzi zinkadutsapo monyang'wa, koma njinga ayi. Akuti mavenda ankabwera panjinga kudzagula fodya mobisa kwa matenanti, ndiye bwana analamula kuti njinga zonse zizilambalala. Kulambalalako kunali kukazungulira kumsewu waukulu, pamene depoti ya feteleza inali patsidya pomwepa, malata ake akuoneka.

Levi anali mlimi wa chimanga ku Kapelula, munthu wa bondo lovuta koma pakamwa pathanzi. Anayenda kutchalitchi, pachigayo, kwa anyamata a kabaza, kulalikira nkhani imodzi yomweyo: nkhuyu zodya mwana zapota akulu, wakuba fodya ndi wina, olangidwa ndife. Anthu anavomera mokweza. Anapangana kuti Lachinayi aliyense abwere ndi njinga yake pamlatho, aziliza mabelu mpaka manijala atuluke mu ofesi.

Lachinayi m'mawa mbiri inawanda kuti lole ya feteleza wa makuponi yafika kudepoti. Chaka chimenecho yureya anali atachedwa, chimanga chitayamba kale chikasu. Ndani akanataya tsiku akuliza belu? Onse ovomera mokweza aja anapalasa kulowera kumsewu waukulu, ena osapereka ndi moni womwe.

Consolata, mkazi wamasiye wa malemu mkulu wake wa Levi, anam'peza Levi akupopa teyala. Kuponi inali imodzi ya mabanja awiriwo, thumba logawana ndi ndowa.

"Alamu, za mabeluzi muzisiye lero," anatero mayiyo. "Thumbalo ndi la tonse. Ine ndowa ndatsuka kale."

"Ndipita, alamu. Ndingoonana kaye ndi manijala."

Pamlatho anapezapo Lameki yekha, mlonda wa esiteti, atakhala pachitsa ndi chibonga chake. Levi analiza belu. Analizanso. Belu limodzi pachigwa chonsecho linkamveka ngati la wogulitsa usipa.

"Bambo, mwatenga zanji lero?" anaseka Lameki. "Amanijala ali ku Lilongwe. Mulizire ine?"

Dzuwa litafika pamutu Levi anameza manyazi n'kutsatira anzake. Mwamwayi anapeza matumba otsiriza. Asanamange pakaliyala anachita zimene aliyense wa kumeneko ankachita atamva za feteleza wosakaniza ndi mchenga: anamasula msoko, n'kubowola pulasitiki ya m'kati, n'kupisa dzanja. Anali yureya weniweni, woyera mbee. Anamanga pakamwa pa thumbalo ndi linya, mtima uli m'malo.

Potuluka anaona kumtunda kwada bii. Akadzera njira yaitali ija mvula ikanam'peza panjira, thumba lili lobowola. Anakhotera kumlatho.

"A Lameki, taonani mitambo. Ndingokankha, sindikwera."

"Siyani njinga pano, musenze thumbalo."

"Bondo langali simukuliona? Nanga njinga ikatsala?"

"Ikatsala m'dera la esiteti ndi ya ku ofesi."

"Chabwino, muolotse thumba inuyo, ine ndisenze njinga pamutu, isaponde mlatho wanu."

Lameki sanasekenso. Anayang'ana kumashedi a fodya kumene kapitawo anaima akuwaonerera.

"Njinga ndi njinga, bambo, kaya ili pamutu. Ndikakulolani, mawa ine ndi ana anga tili pamsewu wobwerera kwathu ku Thyolo, ntchito itatha. Mundimvetse."

Levi anam'mvetsa, ndipo n'chimene chinam'pweteka kwambiri. Panalibe woti n'kumutukwana. Anatsetserekera kumunsi kwa mlatho, pamene ng'ombe zimaolokera m'chilimwe. Madzi anali ofiira, mvula ya kumtunda itafika kale mumtsinje. Anamufika m'mawondo, kenako m'chiuno. Pakati penipeni teyala lakutsogolo linaterera pamwala, bondo lija n'kumukana, njinga n'kugona chammbali.

Sanagwire njinga, anakumbatira thumba. Madzi analowera pamene iye mwini anabowola paja. Yureya ndi madzi zili ngati mchere ndi madzi, ndipo Levi anamva thumba likupepuka m'manja mwake pang'onopang'ono, iye akulimbana ndi mfundo za linya zimene anamanga mwaluso kudepoti. Anam'vuula ndi Lameki yemweyo, atataya chibonga, n'kukokeranso njinga kutsidya la kwawo kwa Levi.

"Pepani, bambo," anatero mlondayo, n'kubwerera msanga pachitsa chake.

Levi anakhala pamchenga n'kulira, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Sankalirira chimanga chake chokha. Ankaganiza za ana a mkulu wake, ndiponso kuti akanapita m'mawa ndi anzake, bwenzi pano atafika kale kunyumba mvula isanagwe. Pamwamba pake thirakitala ya esiteti inadutsa pamlatho itadzaza matumba ouma.

Anafika pakhomo mvula ikuwaza. Consolata anali pakhonde, ndowa yake yotsuka ili pamiyendo. Anaimirira, n'kunyamula thumba lija ndi dzanja limodzi. Pansi pake panatsala phala loyera losadzaza ndi mbale yomwe.

"Amanijala munaonana nawo, alamu?"

"Ayi."

Mayiyo anaika thumbalo pansi. Anavundikira ndowa yake pakhonde pomwepo, n'kulowa m'nyumba kukauza ana.