Wezzie Amene Sanapeze Kanthu

Tamverani kuno abale inu a ku Thamesmead ndi ku Lewisham, timve za Wezzie wathu, mwana wa mayi Edna, amene tinamuika m'manda uja.

Tsiku lokonza mwambo wa maliro, mayi Edna anangoti khale pampando, maso ofiira, miyendo yotupa ndi mashifiti a kunyumba ya okalamba. A Morton, mkulu wa mpingo, ndiwo anapatsidwa zokanena mbiri ya malemu kutchalitchi.

"Mayi, pantchito pake tikanenepo chiyani?"

Mayi Edna anausa moyo. Zomwe ankadziwa n'zomwe mwanayo ankawauza akaweruka ku labu ya kuyunivesite. Akuti ankalozetsa kuwala kwamphamvu pakhoma, pakati pa maginito akuluakulu, n'kumadikira kuti aone ngati kungatulukire kuseri. Kukanatulukira, bwenzi atagwira kanthu kakang'onong'ono kosaoneka ndi maso, komwe amati akisiyoni. Koma chaka ndi chaka, akamufunsa, yankho linali lomwelo: "Palibe, amama."

"Poti udokotala wa maphunziro anali nawo, tingoti anali dokotala basi," anatero a Morton. "Anthu aziyesa wa kuchipatala. Munthu tikamuike ndi mawu oti sanapeze kanthu? Atiseka mpaka ku Ilford."

Chanda, mtsikana wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito ndi Wezzie, anaika kapu ya tiyi pansi. "Awe, ba Morton. Nyenyezi zinatiuza kale kuti kanthuko kakanakhala kamphamvu, zikanatha moto msanga. Panangotsala kampata kamodzi komwe kanthuko kakanabisala. Wezzie ndiye anafufuza m'kampatamo n'kutsimikiza kuti mulibe."

"Ndiye anapeza chiyani, mwanawe?" anafunsa a Morton.

"Kuti mulibe."

"Ha! Sukulu yonse ija?"

Mayi Edna anatembenukira kwa a Morton. Kenako anayankhula motsitsa, mawu ali osasa.

"A Morton, kwathu ku Kasungu mbuzi ikasowa, anthu amagawana njira. Wina akabwerako n'kunena kuti kudambo ndayang'ana ponseponse kulibe, kodi timati wangoyenda? Enawo amalowera kuphiri chifukwa cha iyeyo. Mukanene zomwe ankachita. Ndatopa ine, bodza sindingalisenzenso."

A Morton anakanda m'mutu. Komabe kutchalitchi anakanenadi choncho, kuti malemu anafufuza zaka zambiri ndipo anatsimikiza kuti komwe ankafufuzako kanthuko kulibe. Ena anayang'anizana, wina kumbuyo anatsokomola. Mayi Edna sanaweramitse mutu.

Ife akuluakulu mphamvu zikutha, mitunso yayamba kuiwala. Inu otsala inu, kanthuko kapezeke kaya kasapezeke, chonde dzina la Wezzie muzilitchulabe.