Pau Wopanda Tsabola

Ku Fíngoè kunali munthu mmodzi yekha wodziwa kuphika pau, buledi uja wa Chipwitikizi, ndipo munthuyo anali Vicente, mlongo wake wa Palmira. Ankaphikira mu mgolo womata ndi dothi kuseri kwa msika, ufa wake wobwera panjinga kuchokera ku Zambia tsiku limene njira yalola. Mwendo wake wakumanzere unauma kalekale, koma pakamwa pake panalibe chilema chilichonse. Munthu ameneyu akanatha kukangana ngakhale ndi chitsa.

Chaka chimenecho nkhondo inali itafika poipa. Mudzi wawo wa ku Malowera anautentha anthu amfuti, mayi awo anatsirizikira m'njira pothawa, mng'ono wake wa Palmira anawolokera ku Zambia osamvekanso. Otsala anadzaunjikana ku Fíngoè, pafupi ndi asilikali. Ndiye Matias, mwamuna wa Palmira, analandira mawu kuchokera kwa msuweni wake ku Beira: kudoko akufuna anthu onyamula matumba, bwera ndi banja lako, kuno anthu akugona m'nyumba.

Koma Matias anali mkamwini, ndipo mkamwini sangonyamula mkazi ndi ana ngati akunyamula khasu lake. Ana ndi akuchikazi, mwini mbumba anali Vicente. Atakhala pansi ndi ankhoswe awiri, Vicente anayankha anthu onse akumva: mlongo wanga mutengeni, Raul wa kumsanayo mutengeninso, koma Inês atsala. Inês, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali mwana wamkazi yekhayo wotsala m'mbumba yonse, ndipo mayi a Palmira ndi Vicente asanatseke maso anagwira dzanja la Vicenteyo n'kumuuza kuti mtundu usathere m'manja mwake.

"Ndiponso," anawonjezera Vicente tsiku limenelo, "ndani amakweza mbumba yonse m'galimoto imodzi, pa msewu woti magalimoto akupsa?"

Palmira anasowa pogwira, pakuti zonsezo zinali zoona. Kutsala kunali kudikira tsiku loti Fíngoè nayenso apse. Kupita kunali kusiya mwana. Anayamba kudana ndi mlongo wake, chonsecho Vicenteyo ndiye ankamubereka kumsana iye ali kamwana, ndipo chidanicho chinkamupweteka iye mwini kuposa Vicente.

Madzulo oti mawa koluna inyamuka, mdipiti uja wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, onse anali kumgolo kwa Vicente. Amuna awiriwo anali ndi nkhani imodzi yokha pamtima, ndiye monga amachitira amuna, anakamba ina.

"Alamu," anayamba Matias, "ku Beira mukanaona. Amang'amba pau, n'kulowetsamo nsomba ya m'nyanja yamchere, yokazinga, ikadali yotentha. Ukaluma kamodzi umaiwala kwanu."

"Nsomba m'pau?" anafunsa Vicente, osadzutsa mutu pa ufa umene ankakanda. "Nanga minga? Amakupatsiratu singano yoti uzizulira pakhosi?"

"Ya kumeneko ilibe minga yambiri. Nanga ku Maputo? Uko amaikamo bajiya, nyemba zosinja zokazinga m'mafuta."

"Nyemba! Ayi alamu, musandichititse manyazi pamaso pa mgolo wanga. Munthu ayende dziko lonseli kukadya nyemba? Tandiuzani, inu ku Beira munapondako liti?"

Matias anali asanapondeko. Zonsezo anangomva kwa msuweni wake, amenenso ankadziwika kuti nkhani amathira mchere. Vicente naye malire ake anali tauni ya Tete. Ndiye taonani amuna awiri andevu, kutuluka thukuta kulimbirana chakudya choti palibe anachilawapo.

"Pau ndi wa mbuzi," anagamula Vicente. "Mbuzi yakuno, yodya masawu, yowotcha pamakala, n'kuwaza tsabola wosinja ndi mchere. Popanda tsabola ameneyo si pau, ndi mtsamiro."

Inês anali chikhalire pambali, akuumba kang'ombe ndi ufa umene amalume ake anamutsinira. Anadzutsa mutu.

"Amalume, ine ndikakadya wa nsombayo ndidzakuuzani ngati ali ndi minga."

Panalibe amene anali atamuuza mwanayo kuti iye atsala. Matias anayang'ana zala zakuphazi. Vicente anatsegula mgolo n'kusuzumiramo nthawi yaitali, ngakhale munalibe kanthu. Palmira anadzuka n'kupita kuseri kwa msika, kumene analira chakachetechete kuti Raul angadzuke.

Kutacha, anthu anadzaza bwalo la kutsogolo kwa ofesi ya boma. Magalimoto anali atandanda, asilikali akukalipira aliyense kuti akwere msanga. Ankhoswe awiri aja nawonso anabwera, ati kudzatsanzika, koma aliyense ankadziwa kuti abwera kudzaona ngati mawu asungidwe. Vicente anafika akutsimphina, dzanja lina atagwira Inês, lina dengu. Anali atapha mbuzi yake yotsiriza, ija ankakana kugulitsa ngakhale pa njala.

"Kamba wanu uyu," anatero. "Mukadye pau weniweni musanayambe kudya minga."

Palmira analandira dengulo osathokoza. Posowa poika maso, anatsegula pau mmodzi. Nyama inalimo, yonona, yowotcha bwino. Anatsegula wina. Ananunkhiza. Munalibe tsabola ngakhale kambewu kamodzi.

Anamuyang'ana mlongo wake. Vicente, amene chibadwire sanaiwalepo tsabola, ankayang'ana mitambo ngati mlimi wodikira mvula. Palmira anabwezera pau uja m'dengu. Anamvetsa kuti munthuyo sangameze mawu amene ananena pa ankhoswe, sangathyole zimene analonjeza mayi awo, ndipo wamusiyira iye kakhomo kamodzi kokha. Kakhomoko kanafuna kuti Palmira yemwe amuthamangitse.

"Achimwene," anatero Palmira, "mwaiwala tsabola."

"Ine?" Vicente anakuwa kuti ankhoswe amve. "Tabweretsa kuno! Ha! Ukalamba uwu. Alamu akaseke mpaka ku Beira kuti ndinawapatsa mtsamiro? Sizitheka." Anawerama n'kukonza kolala ya diresi la Inês, ngakhale inali yokonzeka kale. "Iwe mayi wanga, khala pano ndi amako. Ndikatenge tsabola."

"Mubwere msanga, amalume."

"Ndi mwendo uwu? Ndiyesa."

Sanamugwire dzanja Palmira, sanatsanzike Matias. Munthu wokatenga tsabola satsanzika. Anatsika njira yopita kunyumba kwake, kumunsi kumtsinje, phazi louma likukokera fumbi pambuyo.

Atangobisika, Palmira ananyamula Inês n'kumupereka kwa bambo wake m'kamyau, galimoto yaikulu ya katundu, iye n'kukwera pambuyo. Anamukhazika pakati pa matumba n'kumufunditsa kapulana, nsalu yake yachitenje. Mmodzi wa ankhoswe anaona zonse, ndipo mwadzidzidzi anapeza kuti lamba wa nsapato yake ukufuna kukonzedwa.

Tsono koluna, imene ankaikalipira anthu kuti inyamuka pompano, sinanyamuke. Galimoto yakutsogolo inakana kulira. Anaikankha, anaitsegula kumutu, anaitukwana, iyo duu. Dzuwa linakwera. Raul analira, anayamwa, anagona, anadzukanso. Inapita nthawi yoti ngakhale wolumala akanafika kumtsinje n'kubwerako, n'kusambanso. Palmira maso anali panjira ija. Ankaopa kumuona mlongo wake akutulukira, ndipo ankafunanso kumuona, kamodzi kokha, kuti amuuze kuti chidani chija chatha.

"Amalume achedwa," anatero Inês ali m'kapulana.

"Akubwera, gona."

"Akabwera akandipeza m'kamyau sakwiya?"

"Ndati gona."

Matias, amene dzulo pakamwa panali nsomba ndi bajiya zokhazokha, anali atakumbatira dengu pamiyendo. Kenako ananena motsitsa, osayang'ana mkazi wake: "Amake Inês, za nsombazo ine sindidziwa. Mwina si zokoma n'komwe." Palmira anangoyang'anabe njira ija. Analibe mphamvu yotonthoza munthu wina.

Pomaliza galimoto ija inatsokomola n'kulira. Koluna inayamba kuyenda pang'onopang'ono, kudutsa msika, kukhotera kusukulu. Inês anavundukula kapulana kuti apume.

Kuseri kwa chipupa cha sukulu, pamalo osaonekera kubwalo, Vicente anali atakhala pamwala. Kumtsinje sanafikeko n'komwe. Mwendo wouma anautambalitsa, msana analozetsa kumsewu, ndipo pabondo pake panali kampukutu ka tsamba la nthochi, tsabola amene anali naye m'thumba kuyambira m'mawa. Nthawi yonse ija anali pomwepo padzuwa, kudikira kuti mbumba yake imuthawe.

"Amayi, amalume awo!" Inês anadzuka n'kukoka mpweya kuti aitane.

Palmira anamugwira pakamwa. Vicente akanamva dzina lake akanatembenuka, akanatembenuka akanaona, ndipo akanaona anthu akuona, akanayenera kuimitsa galimoto. Mwanayo anaphupha, anaponda matumba, anamuluma mayi wake chikhatho mpaka magazi. Palmira anangolimbitsa dzanja, misozi yake ikugwera m'tsitsi la mwanayo, maso ali pa msana wa malaya ong'ambika paphewa amene ankati amusokera asanapite.

Galimoto inadutsa pafupi kwambiri moti fumbi lake linamukuta Vicente. Iye sanatembenuke.