Akhwangwala a pa Thanki

Kamlomo ankawadziwa bwino bambo ake. Bambowo anali munthu woti akagwera m'dzenje angakuuze kuti amafuna kuona kuya kwake. Ng'ala itayamba kuwaphimba maso, mdalayo anakanitsitsa kwamtuwagalu. Ankakhalabe pabenchi lawo losokerapo nsapato, pakhomo pa kachipinda kawo ka lendi, zala zili mabala okhaokha chifukwa chodzibaya ndi singano.

Umboni wawo unali akhwangwala. Padenga la ogulitsa nyama, moyang'anana ndi benchilo, pankatera mitundu iwiri, ndipo anamuphunzitsa kuisiyanitsa akadali kamtsikana. Wina choyera chimazungulira khosi n'kutsikira pachifuwa ngati epuloni. Winayo ndi wamkulupo, wa mlomo wokhuthala, choyera chili pankhongo pokha.

"Ukuti sindiona?" ankatero mdala. "Uyo si wa epuloni uyo?"

Ndipo sankaphonya. Kamlomo anapusitsika nthawi yaitali, mpaka tsiku lina anazindikira kuti bambo ake akamanena zimenezi sayang'ana kudenga, amatchera khutu. Wa epuloni amakuwa mokalipa, winayo mawu ake ndi apansi, okokera pakhosi. Mtima unamupweteka, koma pakamwa panatuluka ukali. Dzina lakelo sanamupatse chabe.

Atakangana mpaka kutopa, anapangana chinthu chimodzi. Mdala apite ku opaleshoni ya maso, ndipo ikakanika, benchi atseke, chipinda abweze, akakhale kwa mwana wawoyo. Mdala anati kumeneko ndiye kuwaika m'manda ali moyo.

M'mawa wochotsa bandeji, dokotala anafunsa kuti, "Mukuona bwanji, bambo?"

"Bwino kwabasi, adokotala!"

Kamlomo anangoluma mano. Mawu omwewo ndi amene ananena tsiku limene anapereka moni kwa jekete lopachikidwa pamsomali. Dokotala anawadontheza mankhwala m'diso, n'kuwauza kuti adikire pakhonde, awaitananso kuti awayeze.

Kumapeto kwa khondelo kunali zenera lagalasi losatseguka, ndipo pansi pake jenereta inkabangula moti munthu sukanamva ngakhale tambala. Kunja, pamwamba pa thanki ya madzi, panatera mbalame ziwiri zakuda. Kamlomo anawagwira dzanja bambo ake n'kuwaimika pamenepo.

"Lero khutu silikuthandizani, bambo. Tandiuzani, ndi ati awo?"

Ananena molimba mtima. Koma sankafuna kupambana mkanganowu. Ankadziwa kuti akawachotsa pabenchi paja, mdalayo afota ngati duwa lothyola.

Bambo aja anasuzumira pagalasipo. Anaphethira, diso likutuluka misozi chifukwa cha kuwala. Kamlomo anayamba kale kuganiza za kumene akaike bedi lawo.

"Wakumanzereyo ndi wa epuloni," anatero pang'onopang'ono. "Winayo ndi wa pankhongo. Taona chimlomocho, ngati chako."

"Mwina mwangolota."

"Ndalota? Nanga wachitatuyo wamuona?"

"Alipo awiri, bambo."

Mtima wa Kamlomo unagwa. Ndiye kuti diso lija likuona zinthu zoti kulibe.

"Kuseri kwa paipi uko, kukuoneka mchira wokha. Ukalembetse nawenso kwa adokotala, mwanawe."

Asanayankhe, khwangwala wachitatu anadumpha kuchoka kuseri kwa paipi n'kuima poyera, chifuwa chili mbee. Kamlomo, amene sanasowepo chonena chibadwire, anangogwira pakamwa. Anathokoza Mulungu chamumtima, anathokoza dokotala, anathokoza ngakhale mbalame zakubazo, zimene moyo wake wonse ankazithamangitsa ndi miyala.

"Benchi langa palibe woligwira," anatero mdala akutembenuka kuti amuseke. Koma kusekako kunathera panjira. Anamuyang'anitsitsa kuyambira pachibwano mpaka kumutu, kenako anakweza zala zawo za zipsera zija n'kumukhudza tsitsi pamwamba pa khutu.

"Iwe, imvizi zinabwera liti?"

"Kalekale, bambo. Munazibweretsa ndinu."

"Ine ndinakusiya tsitsi lili bii." Anatsitsa dzanja lawo. "Zikomo, mayi wanga. Unachita bwino kundikalipira."

Namwino anaitana dzina lawo pakhomo la dokotala. Kamlomo anatambasula dzanja kuti awatsogolere monga mwa masiku onse, koma misozi inali itamutseka m'maso. Mdala ndiye anamugwira pamkono.

"Samala, pali chidebe apa," anatero.