Tsiku Limene Ndinaloza Nyumba ya Eni

Ife a ku Dinant sitikwera ku linga. Linga ndi la alendo, aja amabwera pa mabasi atavala zipewa. Ife timangodutsa m'munsi mwake popita kukagula buledi. Ine Firmin ndinabadwira pansi pa thanthwe limene lingalo lakhalapo mpaka imvi zati mbuu, koma pamwamba pake phazi langa linali lisanapondepo.

Vuto linabwera ndi Odile, mayi wamasiye wa ku Liège amene ndinkafuna kumukwatira. Pa lamya ndinkadzitama kuti mzinda uno ndimaudziwa mwala uliwonse. Tsono atatsika sitima Loweruka lija, anangoyang'ana kumwamba, ku linga kuja.

"Tiyeni uko, Firmin. Ndikaone bwino kumene mukufuna kudzandisunga."

"Kulibe chachilendo uko, mayi. Miyala yokhayokha."

"Ndiye kuti munatopa nako?"

"Kwambiri," ndinatero, wopanda manyazi ine.

Kangolo koyenda pa chingwe anakakana, akuti ndi ka nkhalamba. Tinakwera masitepe. Pofika pakati ndinayamba kuimaima ngati ndikumuonetsa tchalitchi, chonsecho ndikusaka mpweya. Pansi sindinkayang'anako n'komwe.

Titafika pamwamba m'pamene ndinayang'ana pansi. Mtsinje wa Meuse uli phee, mlatho, timaboti, madenga otuwa ali ndanda pakati pa madzi ndi thanthwe. Ndinachita mantha, komanso manyazi: kwathu n'kokongola chonchi, mwini wake osadziwa.

"Nanga yanu ndi iti?" anafunsa Odile.

Apa ndiye panavuta. Nyumba yanga ndimaidziwira chitseko, osati denga. Ndinatsata msewu ndi maso kuchokera pa mlatho, n'kuloza molimba mtima.

"Iyo, ya mawindo m'denga."

"Ya dimba la maluwa iyo? Dzuwa lonselo?" Anandigwira mkono. "Firmin, mmenemo ine ndingakhalemo."

Mawu amene ndinawadikira chaka chonse, ndipo anawanenera nyumba ya dokotala wa mano. Ndinazindikira atangotchula dimba, poti ine ngakhale mphika wa maluwa ndilibe. Yanga sionekera n'komwe kumwambako, inachita kumatirira ku thanthwe.

Tinatsika. Tinafika pa geti la dokotala, Odile n'kuchepetsa liwiro, ine osaima. Ndinapita naye mpaka m'kanjira kathu kozizira, kumene dzuwa limangosuzumira masana n'kuthawa, ndipo ndinatulutsa kiyi.

"Ndinaloza ya eni," ndinatero. "Kumwamba kuja kanali koyamba."

"Zokwerazo ndinaziona kale, bambo. Munthu wozolowera sagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe ndi manja awiri."

Sanaseke. Analowa, nayendera zipinda zonse, nakhudza khoma lakumbuyo lomwe limachita thukuta chaka chonse. Anatsegula windo la kukhitchini n'kukumana ndi mwala. Ine ndinatsala pakhomo ngati mlendo. Ndinkaopa kuti afunsa nthawi ya sitima yobwerera, ndipo sindikanamuimba mlandu.

"Muno mulibe dzuwa," anatero potuluka.

"Mulibe."

"Ine sindingakhale popanda dzuwa, Firmin."

"Ndikudziwa, mayi."

Anavula chikhoto chake n'kuchikoleka pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Ndiye tizikaliwothera kumtunda kuja. Lamulungu lililonse, pa masitepe."

Ndinavomera msangamsanga asanasinthe maganizo.